Cinkhwe ca ku Mauritius ndi Nchito ya Nowa

Ife ophunzitsa katekisimu timakonda kusimbira ana za Nowa ndi combo cake, koma kawirikawiri timaiwala kuwauza kuti nchito yopulumutsa zolengedwa sinathere pa cigumula. Kodi munamvapo, abale okondedwa, za cinkhwe ca pa cilumba ca Mauritius, kum'mawa kwa Madagascar?

Mbalame yobiriwirayi, imene Angerezi amaicha echo parakeet, kwawo ndi pa cilumbaci pokha. Anthu atakhazikika kumeneko anagwetsa nkhalango kuti alime nzimbe, ndipo mitengo yakale ya mphako, momwe zinkhwe zimaikiramo mazira, inasowa. Makoswe ndi apusi obwera ndi zombo anayamba kudya mazira ndi anapiye. Mbalame ina ya komweko, dodo, inali itatheratu caka ca 1700 cisanafike, ndipo m'zaka za m'ma 1980 zinkhwe nazonso zinatsala zosakwana 20.

Panali cifukwa cokwanira cotayira mtima. Koma Carl Jones wa ku Wales pamodzi ndi anzake a bungwe la Mauritian Wildlife Foundation sanagwe mphwayi. Anakhoma mabokosi m'mitengo kuti akhale zisa, anachera makoswe misampha, anaika cakudya m'nkhalango, ndipo anapiye ofooka anawalera pamanja nkuwabwezera kuthengo. Mu 1994 boma linapatula nkhalango ya Black River Gorges kuti itetezedwe. Ngakhale matenda othothola nthenga anabuka mu 2005, pofika 2019 zinkhwe zinali zitapitirira 750. Akulu sananame: kuona maso a nkhono nkudekha.

Buku la Genesis likutikumbutsa kuti munthu anaikidwa m'munda kuti aulime, komanso kuti ausunge. Papa Fransisko anabwereza phunziro lomweli m'kalata yake ya Laudato Si' mu 2015. Tsono kulima tonse timadziwa. Kusunga ndiko kumatikanika.

Tisayese kuti nkhaniyi ndi ya kutsidya kwa nyanja kokha. M'cigwa cathu ca Luangwa muli tizinkhwe ta nkhope yofiira timene timagona m'mphako za mitengo ya tsanya, yomweyo imene tikugwetsa kuti tioche makala. Tikudziwa kuti njala ndi ndalama za sukulu ndizo zimapereka nkhwangwa m'manja mwa bambo. Komabe mtengo wa mphako uli ngati nyumba ya eni ake. Pamene tikumana m'Mipingo Ing'onoing'ono mwezi uno, tiyeni tipangane mitengo yoti tisaikhudze, adzukulu athu asadzamve za tizinkhweti ngati nthano.