Makalata a Mpira a M'minda ya Tiyi ku Thyolo

Akuluakulu anati kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Mwambiwu umanena za mabanja oyandikana: lero uyu apatse mnzake ndiwo, mawa winayo abweze, ndipo ubale umalimba chifukwa chipandecho sichigona nyumba imodzi. Ambiri amaumva ngati mwambi wa amayi okhaokha. Komatu anyamata amene ankasewera mpira m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ankautsata mwambi womwewu, ndipo umboni wake unatsala pa mapepala.

Mapepalawo akusungidwa ndi agogo ena okhala kufupi ndi Luchenza, amene anagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina kufikira atapuma. Kwa zaka zoposa 20 iwo anali mlembi wa timu ya mpira ya pa esitetipo. Polandira udindowo anapatsidwanso fayilo ya mlembi amene anawasiyira mpando, ndipo kuyambira pamenepo sanataye kalata ngakhale imodzi. Timu itatha, anayenda pa njinga kwa alembi anzawo akale kukapempha zimene zinatsala m'nyumba zawo. Lero m'bokosi lawo lachitsulo muli makalata oposa 200, omangidwa m'mitolo ndi ulusi wa chiguduli.

Kalata yakale imaulula yokha msinkhu wake, ngakhale deti litafufutika. Maenvulopu akale kwambiri ali ndi masitampu a nkhope ya Mfumukazi Elizabeth, a m'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinatha mu 1963. Otsatira ake ali ndi dzina la Malawi, pakuti ufulu unadza mu 1964. Chidindo cha ku positi pa akalewo chimati Cholo, monga momwe atsamunda ankalembera dzina la bomali, ndipo Mulanje ankalembedwa Mlanje. Ndalama nazo zimathandiza: kalata yotchula mapaundi ndi mashiling'i inalembedwa kwacha isanabwere mu 1971, pamene paundi imodzi inasanduka K2. Mwana wa sukulu akhoza kuphunzira mbiri ya dziko lino pongoyala maenvulopu amenewa pa mkeka.

Koma chokoma chenicheni chili m'kati. Masiku amenewo masewero sankapanganidwa pa lamya. Mlembi ankakhala pansi madzulo ataweruka, n'kuika pepala la kaboni pakati pa mapepala awiri kuti atsale ndi kope lake, ndipo ankalemba kalata yopempha masewero. Kalatayo sinkayamba ndi mpira ayi. Monga mlendo safotokoza chimene wadzera asanapereke malonje, mlembi ankayamba ndi moni, kufunsa za moyo wa apampando ndi anyamata onse, ndipo pokhapo ankatchula pempho lake. Ngakhale zolembedwa m'Chingerezi cha kusukulu ya mishoni zinkayenda m'njira yomweyi. Chinenero chinali cha Azungu koma ulemu wake unali wakumudzi. Kalata yopita kutali, monga ku Bvumbwe kapena ku Thekerani, inkadzera ku positi. Yopita ku esiteti yoyandikana inkanyamulidwa ndi mnyamata wa pa njinga, amene ankadikira yankho lake konko.

Tsiku la masewero linkasankhidwa mosamala. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amaphuka kwambiri, ndipo munthu wothyola masamba kuyambira mbandakucha sakhala ndi mphamvu zothamangira chikopa. N'chifukwa chake mitolo ya miyezi ya dzinja ndi yopyapyala, pamene ya Juni mpaka Okutobala ndi yonenepa. Makalata ochokera mbali ya Makwasa, kumene kuli mishoni ya Malamulo, kawirikawiri ankapempha kuti masewero asakhale Loweruka, popeza anyamata ena ankasunga Sabata. Kenaka pankabwera kalata ina yovuta kuposa zonse, yopita kwa bwana manejala kukapempha lole kapena thirakitala yonyamula timu. Imeneyi agogowa akuti ankailemba kawiri kapena katatu asanakhutire nayo.

Olandira alendo ankalonjeza m'kalata zimene adzakonze: madzi osamba, nsima ya nyemba, thobwa, ndi tiyi wa shuga masewero akatha. Ndipo pafupifupi kalata iliyonse yothokoza imatha ndi funso limodzi, lofunsa tsiku limene eni bwalo adzabwere kudzabweza ulendo. Timu yodya nsima ya anzawo koma osawaitana kwawo inkatchuka msanga, ndipo makalata ake opempha masewero ankangokhala osayankhidwa. Panalibe bungwe lopereka chilango chimenechi. Manyazi okha ankakwanira.

Kunena zoona, si makalata onse amene ali aulemu. Muli mtolo wa madandaulo umene adzukulu amaukonda kuposa ina yonse. Timu ina ikudandaula kuti woyimbira masewero anali mlamu wa goloboyi wa eni bwalo. Ina ikuti anzawo anabwereka anyamata awiri a ku Limbe amene sanathyolepo tsamba la tiyi chibadwire. Inanso ikufotokoza mwatsatanetsatane kuti inapeza kanthu kokwiriridwa pakati pa mitengo ya golo, ndipo ikupempha kuti tsiku lina akuluakulu a mbali zonse adzayendere bwalo limodzi masewero asanayambe. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale kalata yaukali chotere imatha ndi mafuno abwino. Paja ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Olembawo ankadziwa kuti chaka chamawa adzakumananso.

Pali chifukwa chachikulu chimene agogowa amasungira bokosili pansi pa bedi lawo osati m'khitchini. Minda ya tiyi ya ku Thyolo inatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ina, monga Satemwa imene Maclean Kay anayambitsa mu 1923, ilipo mpaka lero. Manja amene anaidzala ndi kuithyola anali ambirimbiri, ochuluka mwa iwo Alomwe amene anawoloka malire kuchokera ku Mozambique, ndipo ambiri anagwira pansi pa thangata, kulipira malo okhala ndi thukuta lawo. Mbiri ya eni minda inalembedwa m'mabuku. Wantchito wamba ankaoneka m'kaundula wa malipiro basi: dzina limodzi, nambala ya tikiti, masiku amene wagwira ndi kulemera kwa masamba amene wapereka pa sikelo. Agogowa amadziwa bwino zimenezi, pakuti kaundula wotere ankalemba ndi iwo omwe.

M'makalata a mpira munthu yemweyo akuoneka mwina. Amene m'mawa anali nambala pa sikelo, madzulo akusaina kuti wapampando. Mlonda wa pa fakitale ndiye msungichuma, ndipo akufotokoza ndi dzanja lake mmene ndalama zosonkha zagulira mpira watsopano ndi chigamba cha wakale. Pa mndandanda wa osewera, kapitawo walembedwa pansi pa mnyamata wothyola tiyi, chifukwa mnyamatayo ndiye ankadziwa kugoletsa. M'nthawi ya atsamunda Azungu a m'maesiteti anali ndi kalabu yawoyawo ku Cholo, ndipo mpira wa iwo ndi wa anthu akuda unkayendetsedwa paderapadera. Bungwe la FAM linakhazikitsidwa mu 1966. Motero timabwalo ta m'makomboni tinali pakati pa malo ochepa pamene antchito ankadzisankhira atsogoleri, kudziikira malamulo ndi kudzilembera okha nkhani zawo. Mabanja ena a m'derali alibe chithunzi cha agogo awo aamuna, ndipo siginecha ya m'bokosili ndiyo yokha imene inatsala ya dzanja lawo.

Chaka chatha kunabwera bambo wina wa ku Blantyre amene amagula zinthu zakale. Iye anasanthula mitolo yonse mofulumira n'kupatula makalata osakwana 20, okhawo amene ali ndi mutu wosindikizidwa: dzina la timu, chizindikiro chake ndi nambala ya bokosi la ku positi. Munthuyo sanalakwe pozindikira kuti mitu yotere ndi yamtengo. Matimu akuluakulu a m'tauni akhala akusintha mayina potsata owathandiza ndi ndalama. Bullets inakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, kenaka Bakili Bullets imene inafika m'magulu a mpikisano wa akatswiri a mu Africa mu 2004, isanatenge dzina la Nyasa. Wanderers nayo inanyamulapo mayina a Yamaha, Limbe Leaf, MTL ndi Be Forward. Pepala lokhala ndi dzina limene linasiyidwa silidzasindikizidwanso, ndipo kunja kuli anthu amene amalipira bwino kuti alipachike pa khoma.

Adzukulu anakondwa atamva mtengo wake, pakuti denga la nyumba ya agogowa likudontha ndipo malata sagulidwa ndi mbiri. Agogowa anakana. Anati kalata iliyonse ya mutu wosindikizidwa ndi yankho la kalata ina yolembedwa pa pepala lothothola m'kope la sukulu, ndipo kuchotsa yankho n'kusiya funso kuli ngati kumva mlandu mbali imodzi. Wogulayo sanafune n'komwe kuyang'ana mapepala a m'makopewo. Mdzukulu wamkulu sanalankhule ndi agogo ake kwa sabata yathunthu, ndipo sangadzudzulidwe kwenikweni, popeza ndi iye amene amatchera mabeseni mvula ikamagwa.

Adani enieni a bokosili, komabe, si ogula. Chinyezi cha chiperoni chimamata mapepala, inki ya kaboni ikuzilala, ndipo chiswe chinadya kale ngodya ya mtolo umodzi. Mwa alembi akale amene agogowa anawayendera, ambiri anapezeka kuti mafayilo awo anathera kukulunga mandasi, kuyatsira moto kapena kupichirira fodya. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mafoni a m'manja atayamba kufala, makalata otere analeka kulembedwa.

Panopa mdzukulu yemwe uja amabwera Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi. Amajambula kalata iliyonse ndi foni yake, kutsogolo ndi kumbuyo, pamene agogo ake akutchula mudzi ndi mfunda wa munthu aliyense wosainayo, iye n'kumalemba m'kope ndi pensulo. Afika pa mtolo wa 1978, chaka chimene Malawi inatenga koyamba chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, m'masiku a Kinnah Phiri. Mtolo umenewo ndi wonenepa kuposa yonse, ndipo atsala ndi mitolo ina 14.