Galimoto ya M'thengo ndi Kasamalidwe Kake

Anthu okhala m'mbali mwa msewu wa phula amayesa kuti magalimoto onse ndi amodzi, angosiyana maonekedwe ndi mtengo wake. Koma ife amene tatha zaka zambiri tikuphunzitsa m'sukulu za kutali, kumene msewu umasanduka mtsinje mwezi wa Januwale, timadziwa kuti pali mtundu wina wa galimoto umene moyo wa mudzi umatsamirapo. Imeneyi ndiyo galimoto yokoka ndi magudumu onse anayi. Ndiyo imatifikitsira mabuku ndi mapepala a mayeso a Sitandade 8. Ndiyo imabweretsa mankhwala ku chipatala chaching'ono. Ndiponso ndiyo imanyamula mayi woyembekezera pakati pa usiku kupita naye ku chipatala cha ku boma zinthu zikavuta. Galimoto yotere ikafa m'nyengo ya dzinja, wolira sakhala mwini wake yekha.

Mbiri yake si yaitali kwambiri. Land Rover inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam m'chaka cha 1948, ndipo inkapangidwa ku Solihull m'dziko la England. Oipangawo anatengera nzeru pa Jeep ya asilikali a ku America, ndipo popeza chitsulo chinali chosowa itangotha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, thupi lake analipanga ndi aluminiyamu. Mu 1951 a Toyota ku Japan anatulutsa yawo, imene mu 1954 anaitcha Land Cruiser, ndipo maambulansi ambiri a m'maboma athu lero ndi a mtundu umenewu. Land Rover ya kapangidwe kakale ija, yotchedwa Defender, analeka kuipanga mu 2016, koma zambiri zikuyendabe m'mapiri ndi m'madambo mwathu chifukwa cha manja a amakaniko.

Ine sindine makaniko. Zimene ndilemba pano ndinaziphunzira kwa bambo anga, amene ankayendetsa Land Rover ya mishoni ine ndiri mwana. Loweruka lirilonse iwo ankagona pa chiguduli pansi pa galimotoyo, ine ndikuwapatsira masipanala. Zina ndaziona ndekha poyenda ndi madalaivala osiyanasiyana, anzeru ndi opusa omwe. Ndipo phunziro lalikulu limene ndatolapo ndi ili: galimoto ya m'thengo imakhalitsa chifukwa cha kusamala zinthu za pansi zimene maso a anthu saziona.

Tiyeni tiyambe ndi kayendedwe kake. Kumbuyo kwa bokosi la magiya kuli bokosi lina laling'ono limene limagawa mphamvu ya injini, ina kupita ku magudumu a kumbuyo, ina ku magudumu a kutsogolo. Mu Land Rover ya bambo anga munali timitengo tiwiri, kena ka mutu wachikasu, kena ka mutu wofiira. Ukakanikiza kachikasu, magudumu onse anayi ankayamba kukoka. Ukakokera kumbuyo kofiira, galimoto inkayenda pang'onopang'ono ngati kamba, koma ndi mphamvu yokwera nayo phiri longa la msewu wakale wa Gorodi wopita ku Livingstonia. Lamulo la bambo linali lakuti ukafika pa phula ubwezere timitengoto m'malo mwake. Chifukwa chake n'chakuti pokhota, magudumu a kutsogolo amayenda mtunda wotalikirapo kuposa a kumbuyo. Pa dothi gudumu limaterereka pang'ono ndipo kusiyanako kumatha; koma pa phula tayala limagwira zolimba, zitsulo za m'kati zimapotana, ndipo tsiku lina china chimathyoka.

Adani a galimoto yotere alipo atatu: fumbi, madzi ndi matope. Fumbi la m'chilimwe likalowa m'injini limapala zitsulo monga mchenga upalira mphika, ndipo injini imayamba kudya oyilo ndi kutulutsa utsi. Chotero sefa ya mpweya iyenera kuonedwa kawirikawiri kuposa ya galimoto ya m'tauni. Ya m'magalimoto akale inali ndi kambale ka oyilo kogwira fumbi, ndipo mwezi wa Okutobala oyiloyo ankasanduka phala m'masiku owerengeka.

Madzi ndiwo mdani wochenjera koposa. Pakati pa magudumu awiri aliwonse pali chimphika cha chitsulo chimene amakaniko amachitcha difu, ndipo m'kati mwake muli magiya osambira m'oyilo wokhuthala. Galimoto ikayenda mtunda wautali difu imatentha; ikalowa mwadzidzidzi mumtsinje wozizira, mpweya wa m'kati umanyala, ndipo imayamwa madzi kudzera pa kabowo kake kopumira. Dalaivala amaoloka bwinobwino, anthu namuyamikira, osadziwa kuti matenda alowa. Pakapita miyezi difu imayamba kulira, kenaka imafa. Munthu wanzeru akaoloka madzi akuya amatsegula kabawuti n'kuyang'ana oyilo. Akaona kuti wayera ngati tiyi wamkaka, amamukhetsa tsiku lomwelo. Choopsa china n'chakuti madzi akalowa m'njira ya mpweya wa injini, injiniyo imaima pomwepo zitsulo zake zitapindika, pakuti madzi sapanikizika monga mpweya. N'chifukwa chake bambo anga, akafika pa mtsinje wosefukira, ankapinda buluku n'kuyamba kuoloka ndi miyendo ndodo iri m'manja. Madzi akakhala othamanga mwakuti iwo sangathe kuima, ankazimitsa injini n'kuuza okwera kuti, “Linda madzi apite, ndiye uziti ndadala.” Akaoloka, ankaponda mabuleki mopepuka galimoto ikuyenda kuti aume, poti mabuleki onyowa sagwira.

Nanga matope? Walira mvula walira matope, ndipo makande a m'madambo mwathu amamatirira ngati ulimbo. Thupi la aluminiyamu silichita dzimbiri, choncho Land Rover ikhoza kuoneka yamoyo kunja pamene msana wake wa chitsulo, umene thupi lonse lakhalapo, ukudyeka. Matope amabisala m'makona ndi m'mphako za msanawo, namasunga chinyontho mpaka chitsulo chitabooka. Anyamata ambiri otsuka magalimoto amapukuta magalasi ndi zitseko mpaka kunyezimira, koma pansi safikapo. Kutsuka kwenikweni kumayambira pansi. Pomwepo munthu amaonanso ngati tsamba la sipuling'i lathyoka, amamanga mabawuti amene mabampu amasula, ndi kupopera girizi m'mfundo za mashafiti.

Tsopano ndinene za kusintha galimoto, pakuti masiku ano achinyamata ambiri amakonda zimenezi. Kusintha kwina n'kwanzeru ndithu. Paipi yokwera m'mbali mwa galasi, yotengera mpweya pamwamba, imateteza injini ku madzi ndipo imachepetsako fumbi. Kulumikiza timapaipi ku mabowo opumira a difu ndi kutikweza m'mwamba ndi ntchito ya ndalama zochepa, koma imapulumutsa ndalama zambiri. Chitsulo chophimba kunsi kwa injini chimaitchinjiriza ku miyala ndi zitsa. Matayala a mano akuluakulu amagwira bwino m'matope.

Koma kusintha kwina n'kongofuna kuti anthu acheuke. Munthu amakweza galimoto kuti italike ngati nyamalikiti, pamwamba n'kusanjikapo katundu wolemera, kuiwala kuti mtolo wautali sukhalitsa pa nkhata. Pa msewu wopendekeka galimoto yotere siichedwa kugudubuzika. Wina amaika matayala aakulu koposa muyeso, ndipo mashafiti amene sanapangidwire kulemera kotero amaduka, mabuleki nawo amachepa mphamvu. Ndinakwerapo galimoto ina yokhala ndi nyali zisanu ndi imodzi kutsogolo, koma difu yake iri kulira ngati mwana wanjala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Langizo langa n'lakuti munthu asagule chokongoletsa chirichonse asanatsimikize kuti mabuleki, chiwongolero, masipuling'i ndi oyilo ziri bwino.

Ngakhale galimoto yosamalika imatha kuonongeka pa ulendo, ndipo m'thengo mulibe galaja. Choncho musamasowe jeke ndi thabwa lochindikala loikapo jekeyo kuti isamire m'matope, khasu, fosholo, chikwanje, chingwe cholimba, pampu, ndi tayala lapadera lokhala ndi mpweya. Pa mchenga wa kunyanja dalaivala amaphwetsako matayala kuti apondetse malo aakulu, nawapopanso akafika polimba. Land Rover zakale zinali ndi mbiri yothyola shafiti ya kumbuyo. Koma dalaivala wodziwa ankalowetsa magudumu a kutsogolo n'kufika kunyumba pang'onopang'ono akukoka ndi amenewo. Waya ndi mphira zathandiza ambiri kutuluka m'thengo, ndipo nzeru zotere n'zoyamikika. Cholakwika n'kulola kuti chomangira cha tsiku limodzi chikhale chaka chathunthu.

Chimene chimandiwawa mtima koposa ndi magalimoto a anthu onse, amene aliyense amakwera koma palibe amawatcha ake. Tonse tawaonapo atakhala pa miyala kuseri kwa maofesi, udzu utamera m'kati, nkhuku zikuikiramo mazira. Ukafufuza bwino umapeza kuti ambiri sanafe ndi ngozi. Anafa chifukwa cha malita ochepa a oyilo amene wina anati adzagula mwezi wamawa. M'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anakokolola milatho ndi misewu m'chigawo cha kummwera, tinaona tonse mtengo wake wa galimoto yamoyo yotha kudutsa pamene zinzake zalephera.

Ku sukulu kwanga ndimasunga buku la maina, ndipo mwana akajomba masiku atatu ndimatuma mthenga kwawo tisanamutaye. Galimoto nayo iyenera kukhala ndi buku lake, lolembamo tsiku losintha oyilo, mtunda umene yayenda, ndi kaphokoso kalikonse kachilendo kamene dalaivala wamva. Akuluakulu a maofesi aziwerenga bukulo ndi kumvera dalaivala akadandaula, pakuti iye ndiye amamva kupuma kwa galimotoyo tsiku ndi tsiku. Ndipo inu madalaivala, m'mawa uliwonse musanalize injini, gwadani muyang'ane pansi. Kadontho kamene mudzaona pa dothipo kangakhale ndiko kadzapulumutse mayi ndi khanda lake usiku wina wa mvula.