Kompyuta yanga imadana ndi Okutobala

Kompyuta yomwe ndimagwiritsa ntchito ndinailumikiza ndekha ndi zipangizo zogula kwa anthu. Purosesa yake ndi AMD Ryzen 5 2600, yomwe imathamanga pa 3.4 GHz, ndipo ntchito ikachuluka imatha kufika pa 3.9 GHz. Kwa munthu wolemba ma essay basi, liwiro limeneli n'lokwanira. Koma chaka chino ndakhala ndikujambula makanema a agogo akusimba mbiri ya midzi yawo, ndipo kudikira kuti kanema wa ola limodzi akonzeke kunkanditopetsa.

Mu Juni ndinayesa overclocking, kukakamiza purosesa kuthamanga kuposa mlingo womwe anaiikira ku fakitale. Bolodi yanga ndi ya B450, imalola zimenezi. Ndinalowa mu BIOS, n'kuika ma core onse 6 pa 4.0 GHz ndi mphamvu ya 1.35 V. Cinebench inatha bwinobwino kamodzi, ine n'kuyamba kudzitama kwa anzanga. Ndinaiwala kuti Juni ku Zomba ndi mwezi wa majuzi.

Okutobala atafika, kompyuta inayamba kuuma pakati pa ntchito, kenaka sikirini ya buluu yolembedwa CLOCK_WATCHDOG_TIMEOUT. Usiku wina inakaniratu kuyaka: mafani akuzungulira, sikirini ili bii. M'kati mwake munali makanema a agogo ena omwe pano akudwala moti sangathenso kukhala pansi maola awiri kundifotokozera. Ndinali ndisanawakopere pena paliponse. Thukuta lomwe ndinatuluka usiku umenewo silinali la nyengo.

Ndinazula chingwe cha magetsi, n'kuchotsa kabatire ka CR2032 pa bolodi, n'kudikira mphindi zisanu kuti BIOS iiwale zonse zomwe ndinaiuza. Inayaka. Ndisanakhudze china chilichonse, ndinakopera makanema aja mu fulashi ziwiri.

Kufufuza vuto kunanditengera sabata, chifukwa poyamba ndinkasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, osadziwa kuti chathandiza n'chiti. Nditaphunzira kusintha chimodzichimodzi, ndinayamba ndi RAM. MemTest86 inayenda usiku wonse osapeza cholakwika. Kenaka ndinabwezera 4.0 GHz, n'kuyatsa Prime95 kwinaku ndikuyang'ana kutentha pa HWiNFO. Pasanathe mphindi khumi kunadutsa madigiri 90, pomwe malire a purosesa imeneyi ndi 95. Nditatsegula bokosi ndinachita manyazi: kafani ka Wraith Stealth kanali katadzaza fumbi, ndipo thermal paste inali itauma ngati dothi la m'chilimwe. Ndinapukuta, n'kupaka yatsopano. Kutentha kunatsika ndithu, koma patatha ola Prime95 inapezabe zolakwika pa core imodzi.

Apa m'pomwe ndinamvetsa msampha wake. Kuti 4.0 GHz ikhazikike pamafunika magetsi ochulukirapo, magetsiwo amabweretsa kutentha, ndipo kutenthako n'komwe kumaigwetsa. Fani yaikulu ikanathandiza, koma ndalama yake ndi ya chakudya cha masabata angapo.

Ndinatsitsa kufika pa 3.8 GHz ndi 1.25 V, ndipo Prime95 inayenda maola 8 masana kukutentha osadandaula. Kenaka ndinachita zomwe ndinayenera kuchita mu Juni: ndinakonza kanema mmodzi yemweyo kawiri, koyamba pa liwiro la ku fakitale, kachiwiri pa 3.8 GHz, wotchi ili m'manja. Kusiyana kwake sikunakwane mphindi ziwiri, nthawi yosakwana n'kuwiritsa madzi a tiyi.