Dzira la Ababa

Abale anga kuno kwa Mbenje ndi inu muli ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ena mwakhala mukufunsa kuti Ababa akupeza bwanji chiwatulutsireni kuchipatala. Ndati ndilembe pano kamodzi kuti nonse mumve, chifukwa mayunitsi oimbira aliyense payekha ine ndilibe.

Sabata ziwiri zoyamba nkhalamba inkakana chakudya. Nsima ya mapira ayi, phala ayi, ngakhale nsomba ya ku Shire imene kale ankatha kuiyamba ndewu. Mano anatha kalekale, ndiye ndi kutentha kwa Novembala kuno, munthu ankangogona pamphasa pansi pa nimu, akumwa madzi okha. Tsiku lina m'mawa anandikodola.

"Iwe, nkhuku ija ikuikira?"

Ndinati eya, ikuikira.

"Ndikufuna dzira. Koma osati lokazinga. Lachizungu."

Apa ndiyenera kufotokoza, chifukwa inu a m'tauni dzira mumangogula pa okala. Mu Malichi 2023 madzi a Freddy anatitengera nkhuku zonse, khola lomwe osaoneka pamene linali. Tinayambanso ndi misoti iwiri, zinaswana mpaka kufika 14. Chaka chino chitopa chalowa m'mudzi, sabata imodzi yokha zonse lambalamba, kutsala thadzi limodzi. Tambala ndi wa aneba. Ndiye mazira a thadzi limenelo kwa ife si ndiwo. Ndi khola lamawa, ndi sopo, ndi makope a ana. Nkhuku yachikuda imaikira mazira khumi ndi angapo basi, kenako n'kuyamba kukhalira masiku 21. Ukachotsa dzira limodzi wachotsa nkhuku yathunthu.

Mayi a kunyumba anangondiyang'ana osanena kanthu. Inenso ndinakhala kaye chete, mumtima ndikuwerengera. Zoona ndikuuzani, ndinaganizako zonama kuti galu wadya mazira. Manyazi anandigwira pambuyo pake. Ndinapita kuchisa n'kutenga limene linaikiridwa m'mawa womwewo, likadali lofunda.

Achinyamata ambiri simudziwa kuti Ababa anali khukhi. Ali mnyamata anakwera kumtunda, monga ankachitira amuna ambiri a kuno kuchigwa, kukafuna ganyu ku minda ya tiyi ku Thyolo. Anayamba ndi kutsuka mbale m'nyumba ya mzungu wina wa ku England, kenako anawapatsa khitchini. Ufulu wa 1964 unawapezera komweko, atavala epuloni. Akuti m'mawa uliwonse bwana ankadya chinthu chimodzimodzi: mazira awiri owiritsa osalimbitsa, buledi wowamba ndi tiyi. Dzira likalimba pang'ono, mbale inkabwerera kukhitchini.

Ndiye tsiku limenelo munthu amene ankalephera kudzuka anati timukhazike tsonga, atsamire mtengo, mbaula tiike patsogolo pake. Anayamba kulamula ngati kapitawo.

Choyamba anati dziralo ndiliike m'kapu ya madzi ozizira. Likamira n'kugona pansi ndi latsopano. Likayandama ndi lakale kapena losukusa, tayani. Kuno kutentha kwake mazira sachedwa kuonongeka, ndiye musamadumphe zimenezi.

Chachiwiri, madzi ayambe abwata, dzira lilowe pambuyo. Ine ndinazolowera kuponya dzira m'madzi ozizira n'kupita kukamangirira mbuzi. Ababa anati ayi, ukatero sudziwa poyambira kuwerenga. Madzi akhale okwanira kumiza dzira, ndipo ulitsitse ndi supuni pang'onopang'ono kuti lisasweke.

Chachitatu ndi nthawi. Dzira lalikulu la nkhuku zachizungu limafuna mphindi zisanu kapena kupitirirako pang'ono. Lathu lachikudali ndi laling'ono, mphindi zinayi zakwana. Ine ndinatchera foni. Iwo anatseka maso, milomo ikugwedera, akuwerenga chamumtima monga ankachitira kukhitchini kuja. Atati "Chotsa!" foni inalira ndisanafike n'komwe pa poto. Zaka zoposa 50 zapita, koma wotchi ili m'mutu mwawo sinafe.

Buledi tinali titagula dzulo lake pa Bangula. Anati wogona ndiye wabwino kuwamba. Ndinaika waya wootchera chimanga pamakala amene asiya kulilima, n'kuwamba mbali zonse mpaka kufiirira. Tinapaka Blue Band akadali wotentha, kenako anandiuza kuti ndidule timizere tating'ono ngati zala. Akuti Angerezi timizere timeneti amatitcha asilikali, ndipo ana awo amakulira pa chakudya chimenechi. Iwo ali ndi timakapu toikamo dzira kuti liime chilili. Ife tilibe, ndiye Ababa anati ndithire mapira m'kapu ya tiyi n'kukhazikamo dziralo. Linaima bwinobwino.

Anagogoda pamwamba ndi supuni, n'kuchotsa kachigoba ngati chipewa. Choyera chija chinali chitagwira, chachikasu chili phalaphala. Anawaza kamchere, n'kuviika msilikali mmodzi. Buledi uja anafewa, osafuna mano. Anadya mwakachetechete mpaka kukokota chigoba.

Atamaliza ananena mawu amene andisowetsa tulo mpaka lero. "Ndaphika mazira amenewa zaka zisanu ndi ziwiri. Lero ndi loyamba kulawa."

Ndinafunsa kuti bwanji, poti khitchini inali m'manja mwanu? Anati mazira ankawerengedwa madzulo alionse. Nanga atabwerera kumudzi? Anati kumudzi munthu wamkulu wanzeru zake sangadye dzira nkhuku ikufuna kukhalira, anthu angamuseke.

Apa m'pamene ndinakumbuka zimene ankatiuza tili ana, zoti mwana akadya dzira amadzakhala wakuba, ndipo mayi woyembekezera akadya amabereka mwana wopanda tsitsi. Ndinawafunsa ngati iwo ankazikhulupirira. Anaseka mpaka kutsokomola. "Tikanapanda kutero, khola likanakhalapo?" Mwamva inu amene munakula nane? Anatinamiza kuti nkhuku zichuluke. Sindikuwada, umphawi ndi umene unkalankhula. Koma ife tisapitirize bodzali. A zaumoyo amatiuza kusikelo kuti dzira ndi chakudya chomanga thupi, ndipo ana ndi amayi oyembekezera ndiwo akulifuna kwambiri. Chimene amachenjeza n'chakuti kwa mwana wamng'ono, mayi wapakati ndi munthu wodwala, dzira lipse ndithu, chifukwa losapsa limatha kutsegula m'mimba. N'chifukwa chake masiku otsatira ndinkaonjezera mphindi imodzi kuti chachikasu chikhale cholimbirako, ndipo ndinkatenga la tsiku lomwelo, loyera, losang'aluka. Ababa anadandaula kuti bwana akanabweza mbale. Ndinati bwana wa pano ndine.

Thadzi lija linaikira mazira 13. Anayi anadya Ababa, masiku anayi otsatizana. Tsiku lachisanu anapempha okha phala la mapira, ndipo pano akudya nsima yofewa. Dzulo ayenda ndi ndodo mpaka pa mjigo. Mazira 9 otsala nkhuku inakhalira, yaswa anapiye 7. Ndikawaona akutsata make ndimadziwa kuti akanakhala khumi kapena kuposa. Ndawerengera kangapo, ndipo sindikuona kuti ndinaluza.

Tsopano zopempha zanga ziwiri. Aneba anga, chitopa chilibe mankhwala chikalowa, koma katemera alipo, uja wa I-2 wodonthezera m'diso, dontho limodzi nkhuku iliyonse, katatu pa chaka. Botolo limodzi limakwana nkhuku zambiri kuposa za khomo limodzi. Tiyeni tisonkherane tikaonane ndi alangizi a ziweto, titemere mudzi wonse tsiku limodzi. Kutemera wekha nkhuku za mnzako zikufa pafupi, mtima sukhala pansi.

Inu a m'tauni, ndalama za pafoni timalandira ndipo tikuthokoza. Koma nkhalamba ikufunsa mayina anu mmodzimmodzi. Khirisimasi ino bwerani, msewu wa M1 ukudutsika mpaka pa Bangula. Mutenge buledi ndi thireyi ya mazira, anapiye angawa asiyeni akule. Ababa ati aliyense adzamuphikira lake, ndipo foni musatchere, adzawerenga okha.