Zonse zilipo panjira, chosowa ndi malo opalasa

Kwa Amalawi ambiri njinga ndi chida cha ntchito. Imasenza makala, matumba a chimanga, mbuzi, ana a sukulu ndi odwala opita kuchipatala. Munthu akagula njinga yamoto, yakapalasa amaitsamiritsa kuseri kwa nyumba ndipo anzake amati watukuka. N'chifukwa chake ndikauza anthu kuti chaka chilichonse ndimapalasa ulendo wa masiku 5 kapena 6 popanda maliro kapena geni kumene ndikupitako, funso lawo limakhala limodzi: "Kodi akukulipirani ndani?"

Palibe amandilipira. Ndine mphunzitsi, ndipo ndinayamba maulendo amenewa mu 2013 patchuthi cha mwezi wa Ogasiti. Zimene ndaona m'zaka zonsezi n'zakuti dziko lathu linakonzekera kale kulandira munthu woyenda panjinga. Chinthu chimodzi chokha ndicho chikusowa.

Ulendo umene ndaubwereza kwambiri ndi wochoka ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu kudzera kunyanja, mtunda wa makilomita oposa 400. Tsiku loyamba ndimagona ku Salima, makilomita pafupifupi 100, ndipo zitunda zikatha msewu umatsetsereka mpaka kuchigwa. Lachiwiri ndimalowa mumsewu wa M5, kudutsa pa Khombedza, pa Benga ndi pa Chia, kukagona ku Nkhotakota. Kenaka ndi Dwangwa ndi minda yake ya nzimbe, Chintheche, mitengo ya mphira ya ku Vizara, mpaka Nkhata Bay. Tsiku lomaliza mtunda wake sukwana makilomita 50, koma ndiye lotulutsa thukuta, chifukwa kuchoka panyanja kufika ku Mzuzu munthu amakwera mamita oposa 700.

Ndimalowera kumpoto dala. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imaomba kuchokera kumwera, choncho imakukankha kumsana. Wolowera kumwera nthawi imeneyi amapalasa ngati wakweza munthu pakaliyala. Nzeru imeneyi anandipatsa ndi asodzi, amene amaidziwa mphepo kuposa aliyense. Ndimanyamuka 5 koloko m'mawa kukangoyera, ndimapuma pamthunzi dzuwa likafika paliwombo, ndipo pofika 4 koloko madzulo ndimakhala nditapeza pogona.

Njinga yanga ndi ya magiya, ya pakaunjika, ya matayala a saizi 26. Ndinaisankha chifukwa zipangizo zake zimapezeka paliponse. Pamsika uliwonse wa m'mbali mwa msewu pamakhala makanika pansi pa mtengo wa mango, ali ndi pampu, masipanala, zigamba ndi beseni la madzi lofufuzira pamene chubu chabooka. Chaka china pa Dwambazi anathyoka masipoko atatu a gudumu lakumbuyo. Mnyamata wina anavula tayala, anaika masipoko ena, n'kuwongola limu poyang'ana ndi diso lokha, ola limodzi lisanathe. Tsiku lomwelo ndinakumana ndi mzungu wina amene anati akuchokera ku Cairo kupita ku Cape Town. Njinga yake inali yodula kuposa malipiro anga a chaka, koma anali atakhala masiku angapo kudikira kachitsulo kochokera kunja. Anandiuza kuti m'maiko onse amene anadutsa, kuno ndiye kumene anaona okonza njinga ochuluka.

Katundu sindichulutsa. Ndimatenga zovala zosinthira ziwiri, juzi ya ku Mzuzu, neti ya udzudzu, machubu awiri, pampu, masipanala, tochi, sopo ndi mabotolo atatu a madzi. Zonse zimalowa m'zikwama ziwiri zimene telala wa kwathu anandisokera. Kamangidwe kake ndinaphunzira kwa ogulitsa makala: cholemera chikhale pansi, mbali ziwiri zifanane, ndipo chingwe chikhale cha mphira yodula kuchubu chakale chifukwa sichimasuka pamabampu. Anthu amenewa amayenda mitunda italiitali atasenza matumba atatu kapena anayi. Akatswiri enieni a ulendo wa panjinga ndi iwowo, ngakhale palibe amawajambula.

Za kudya sindidandaula. M'mawa ndi tiyi ndi mandasi m'tiyirumu, masana nsima ya usipa kapena kondowole, ndipo panjira pali nthochi, mbatata yootcha ndi thobwa. Madzi ndimatunga pamjigo. Amayi akaona thukuta amati, "Bambo, yambani inu, muli paulendo." Pogona ndi m'maresitihausi a m'misika. Kamodzi mdima unandipeza kutali ndi msika, ndipo ndinafunsa kwa amfumu. Gogo uja atamva kumene ndachokera anagwira pakamwa. "Mwanawe, ku Lilongwe pa njinga? Wathawa chiyani?" Anaseka, n'kuuza mdzukulu wawo kuti andifunditsire madzi osamba. Mlendo ndi mame, anatero, sachedwa kukamuka.

Chosowa chija ndi malo opalasa. M'madera ambiri phula ndi lopapatiza ndipo m'mphepete mwake munadyeka, moti pakati pa phula ndi dothi pali kaphompho kokwanira kugwetsa njinga. Milatho ina ndi yodutsa galimoto imodzi. Lole kapena basi ikamabwera kumbuyo, dalaivala amangoliza hutala osachepetsa liwiro, kutanthauza kuti iwe wapanjinga choka. Ukachedwa, mphepo ya galimotoyo imakukoka. Ndinagwerapo mumchenga katatu chifukwa cha zimenezi, ndipo bondo langa lakumanzere limandikumbutsabe kukazizira.

Ine ndimakumana nazo sabata imodzi pachaka, ndili ndi chipewa choteteza mutu, kagalasi koonera kumbuyo ndi katundu wopepuka. Nanga wakabaza amene wakweza mayi wobereka mwana? Nanga wamakala amene sangathe kutsika msanga paphula chifukwa njinga yake ikapendekera basi yagwa? Chaka china, pafupi ndi mlatho wina, ndinapeza anthu atazungulira njinga yopindika, chimanga chitamwazika mumsewu, nsapato imodzi ili poteropo. Mwini wake anali atamutengera kale kuchipatala. Galimoto imene inamugunda sinaime. Ndinayenda wapansi, ndikukankha njinga, mtunda wautali ndithu ndisanalimbe mtima kukweranso.

Aliyense angathe kudziwerengera yekha. Imani pamsewu waukulu kunja kwa tauni m'mawa, muone kuti panjinga padutsa anthu angati ndipo pagalimoto angati. Komabe msewu ukamakonzedwa, wapanjinga amakhala ngati mlendo wosaitanidwa. Pamene pali phula lapadera m'mbali, ngakhale la mita imodzi ndi theka, zinthu zimasintha. Madalaivala sakwiya, ana a sukulu amayenda momasuka, ndipo ife timapalasa mapewa ali pansi. Pempho langa kwa okonza misewu ndi lakuti kamalo kameneka kasamakhale koyamba kudulidwa ndalama zikachepa. Kwa madalaivala ndikuti hutala si buleki.

Sindikulemba izi kuti ndikuopsezeni. Muli ndi njinga kuseri kwa nyumba, ipukuteni, ithireni oilo patcheni, mumangitse mabuleki. Yambani ndi ulendo wa masiku awiri, makilomita 40 kapena 50 patsiku, ndi mnzanu mmodzi. Valani zowala, ndipo musapalase usiku. Mudzaona kuti maboma amene mumangowadutsa muli m'tulo m'basi ali ndi fungo lawo, malankhulidwe awo ndi ndiwo zawo. Ndipo aphunzitsi, anamwino ndi akuluakulu a m'maofesi tikachuluka paphula, mwina mawu a wakabaza adzayamba kumveka kumene amajambula mapulani a misewu.