Manja anga awiri

Kwathu ndi ku Angónia. Ndili mwana, amalume ankandiphunzitsa kuimba ng'oma. Tinkayamba taiwamba pamoto kuti ilire bwino.

Dzanja langa lamanja linkaimba bwino. Koma lamanzere linkangotsanzira linzake. Ovina ankaima, n'kumandiseka. Ine ndinalira.

Amalume anati: "Usathamange, mphwanga. Ponda pansi ndi phazi: di, di, di. Dzanja lamanja litsate phazi. Lamanzere liyankhe pakati pake."

Ndinayeserera pamtondo wa amayi tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono. Potsiriza, dzanja lililonse linadziwa mawu ake.

Pa ukwati wa acemwali anga, amalume anandipatsa ng'oma. Mtima unagunda, koma ndinaimba. Ovina sanaime. Amayi analuluta!

Nanunso ananu, yesani pamaondo panu. Yambani ndi phazi.