Kamawu kamene kanandidyera ndalama

Anyamata akudooko, werengani izi mpaka kumapeto, musadzagwe m'mbuna yomwe ndinagwa ine.

Mwezi wathawu kwa Mposa kunabwera bambo wina wa ku Cuamba, wogula matemba. Analowera pa Nayuchi, n'kugula boti lakale kunoko, koma injini yake inkangozima pakati pa Chilwa. Masiku awiri ndili pa Yamaha imeneyo: kutsuka kabureta, kusintha mapulagi, mpaka inalira bwinobwino. Bamboyo Chichewa samva, amayankhula Chimakua ndi Chipwitikizi, ndiye ankayenda ndi mnyamata wina womasulira.

Ine sindinafune kuti womasulirayo adye nawo thukuta langa. Paja ndinkaloweza timawu ta Chipwitikizi pafoni, ndiye ndinati lero ndionetsa kuti Fomu 4 sindinangodutsamo. Ndinaima pamaso pa bwanayo, n'kunena molimba mtima kuti: “Paga-lhe.”

Bamboyo anandiyang'ana, anayang'ananso mnyamata uja, basi n'kumupatsa ndalama zonse. Ine mumtima ndikuti akundiwerengera. Mnyamatayo akuti, “Aise, dikira ndikasinthe pagolosale.” Mpaka lero akusinthabe.

Madzulo ake m'pamene ndinaona pamene panalakwika. Paga ndiye kuti lipira. Kamene mwamata kumapetoko ndi kamene kakunena wolandira. Paga-me, ndilipire. Paga-lhe, mulipire. Paga-nos, tilipire. Ndiye kuti ndinalamula ndekha, ndi pakamwa pangapa, kuti ndalama zanga apatse wina. Bamboyo sanalakwe chilichonse.

Chimene chikundiwawa n'choti ifenso timatero tsiku ndi tsiku. Ndipatse, mupatse, tipatse. Ndani wa ife angasokoneze “ndipatse” ndi “mupatse” nsomba zili pamkeka? Kusiyana kwake n'koti ife timaika kutsogolo, iwo akamalamula amaika kumbuyo: dá-me, dá-lhe, dá-nos. Koma akamaletsa kamabwerera kutsogolo ngati kwathu kuno: não lhe pagues, usamulipire. Mawu amene ndinkafunika kukuwa tsiku lija ndi amenewo.

Inu okonda La Liga, Chisipanishi nachonso n'chimodzimodzi, kungoti iwo amamatiratu popanda kamzere: dame, ndipatse, dale, mupatse, págame, ndilipire, págale, mulipire. Poletsa amati no le pagues.

Nditawafotokozera bambo anga, anapitiriza kusoka ukonde wawo osadzutsa mutu. Kenako anangoti, “Mwanawe, safunsa anadya phula. Injini umaiyesa kaye pamtunda, nanga mawu bwanji sunawayese?” Ndinasowa choyankha.

Ndiye inu amene mumapita ndi nsomba ku Entre Lagos kapena Mecanhelas, chiyankhulo phunzirani ndithu, chimathandiza pamalonda. Koma musangoloweza “lipira” ndi “patsa”. Yambani ndi me, lhe ndi nos, chifukwa timeneti ndi timene timanena thumba limene ndalama ikulowa.

Bwana uja akubweranso mwezi wamawa. Paga-me ndikuiyeserera m'mawa uliwonse ndikamatsuka masipanala. Tumizirani anzanu.